Bajeti ya Livingstone: anthu amafunsidwa, nanga amayankhidwa?

Mbiri ya mzinda wa Livingstone ku Zambia inafika kutali chifukwa cha mathithi a Mosi-oa-Tunya, omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pakati pa tauni. Alendo amatera pabwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula n'kukagona m'mahotela a m'mbali mwa Zambezi. Eni mzinda, omwe kalembera wa 2022 anapeza kuti ndi oposa 177,000, ambiri amakhala ku Maramba, Dambwa, Libuyu, Linda, Ngwenya, Malota ndi Nakatindi, ndipo nkhawa zawo ndi ngalande zotsekeka m'dzinja, zinyalala pamsika ndi misewu yamdima usiku. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza mmene anthu amenewa angakhalire ndi mawu pa ndalama zoyendetsera mzinda wawo. Mfundo yomwe ndikuikira kumbuyo ndi yakuti kufunsa anthu zomwe akufuna popanda kuwauza ndalama zomwe zilipo, ndiponso osabwererako kukawauza chomwe chagamulidwa ndi chifukwa chake, kumangowatopetsa, ndalamazo n'kumapitabe komwe zinkapita kale.

Tikamati ndalama za mzinda, tikunena thumba liti?

Matumba akuluakulu ndi atatu, ndipo mikangano yambiri imayamba chifukwa chowasokoneza. Loyamba ndi la ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha: msonkho wa nyumba ndi mapuloti, ziphaso za malonda, ndalama za pamsika ndi pamalo okwerera mabasi, za zikwangwani zotsatsa malonda, komanso kamsonkho ka munthu aliyense wapantchito komwe lamulo linakaikira malire a K15 pachaka. Lachiwiri ndi Local Government Equalisation Fund, thandizo lomwe boma lalikulu linayamba kupereka ku makhonsolo mu 2015, ndipo gawo losachepera 20 peresenti la thandizoli liyenera kupita ku zomangamanga. Lachitatu ndi Constituency Development Fund, yomwe aliyense amangoiti CDF. Inayamba mu 1995 ndipo kwa zaka zambiri inali kandalama kochepa. Mu 2021 dera lililonse la phungu linkalandira K1.6 miliyoni. Boma la Hakainde Hichilema linaikweza kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025.

Thumba loyamba lija ndi lomwe linaphwa m'kupita kwa zaka, ndipo ku Livingstone nkhani yake ndi yaitali. Mzindawu unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene likulu linasamukira ku Lusaka. Mafakitale omwe ankalemba anthu ntchito n'kumalipira misonkho, monga Livingstone Motor Assemblers yomwe inkalumikiza magalimoto a Fiat, ITT Supersonic ya mawailesi, ndi ena opanga nsalu ndi mabulangete, anagwa chuma chitasintha m'zaka za m'ma 1990. Mu 1996 pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa omwe ankakhalamo. Mabanja ambiri anapeza nyumba zawozawo pamtengo wotsika, koma makhonsolo anataya lendi yomwe inkabwera mwezi ndi mwezi. Ndalama za ziphaso za magalimoto zinatengedwa ndi boma lalikulu, ntchito ya madzi inapita ku makampani, ndipo pulezidenti Michael Sata atalowa m'boma mu 2011 likulu la chigawo cha Kum'mwera linasamukira ku Choma limodzi ndi maofesi ake. Munthu wodandaula kuti khonsolo ya lero sichita zomwe ya makedzana inkachita akunena zoona, koma ayenera kudziwanso kuti ya lero ikusamalira anthu ambiri kuposa kale ndi njira zochepa zopezera ndalama.

Kodi lamulo limapatsa munthu wamba mpata wotani?

Papepala mpata ndi waukulu ndithu. Malamulo aakulu a dziko monga anasinthidwira mu 2016 amati mphamvu zitsikire ku maboma aang'ono ndipo anthu azitenga mbali pa zowakhudza. Kuyambira chaka chimenecho meya amasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda, pamene kale ankasankhana makhansala okhaokha, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo anachotsedwa m'makhonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 linakhazikitsa komiti ya chitukuko m'wadi iliyonse, yomwe anthu amaitchula kuti WDC. Wadi imagawidwa m'mazoni, zoni iliyonse imasankha woiimira, ndipo osankhidwawo amakhala pamodzi ndi khansala, oimira zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi, oimira achinyamata ndi magulu osowa pogwira, komanso woimira mfumu kumene kuli mfumu. Ntchito ya komitiyi ndi kukonza dongosolo la chitukuko la wadi chaka chilichonse, kulipereka ku khonsolo, ndi kuyang'anira ntchito zomwe zikuchitika m'wadimo. Lamulo la mapulani a mizinda la 2015 limafuna kuti khonsolo ikhale ndi dongosolo la chitukuko la zaka zingapo lopangidwa anthu atafunsidwa. Misonkhano ya makhansala onse ndi yotsegukira aliyense wofuna kukamvera, pokhapokha makhansalawo atagwirizana zokambirana nkhani ina paokha. Ndipo mu December 2023 pulezidenti anasainira lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira zikalata za maofesi a boma, patapita zaka zoposa 20 likungolonjezedwa.

Poyerekeza ndi nthawi ya chipani chimodzi, pamene lamulo la 1980 linasakaniza makhonsolo ndi chipani cha UNIP n'kuika bwanamkubwa wosankhidwa ndi pulezidenti pamwamba pa zonse, kusinthaku n'kwakukulu. Choncho palibe chifukwa chofunira malamulo ena atsopano awa asanagwiritsidwe ntchito mokwanira.

Nanga ngati njira zilipo, vuto lili pati?

Vuto lili pa funso lomwe anthu amafunsidwa. Msonkhano wa zoni ukaitanidwa, funso limakhala lakuti: mukufuna chiyani kuno? Anthu amayankha moona mtima. Akufuna chipatala cha amayi oyembekezera, midadada ya sukulu, ngalande, phula pamsewu, mjigo, polisi yaing'ono, magetsi a mumsewu, shedi ya pamsika. Zonse n'zofunikadi, ndipo palibe amene wanama. Koma mndandanda wotere sunasankhe kanthu. Zili ngati kufunsa ana pakhomo ndiwo zomwe akufuna osawauza kuti m'thumba muli zingati: aliyense atchula nkhuku, kenako wopita kumsika akasankha yekha, ndipo kufunsa kuja sikunamumange manja ngakhale pang'ono. Kusankha kwenikweni, kwakuti ichi chiyambe ndipo icho chidikire, kumachitika pambuyo pake m'chipinda momwe muli anthu ochepa omwe akudziwa kuchuluka kwa ndalama.

Tiyeni tiwerengere. M'zaka zomwe CDF inkakwerazi, mzinda wonse wa Livingstone unali dera limodzi la phungu. Malangizo a 2022 ankati pa K25.7 miliyoni, 5 peresenti ipite ku ntchito yoyendetsa thumbalo, ndipo pa zotsalazo 60 peresenti ipite ku zitukuko za m'madera, 20 peresenti ku fizi ya ana a m'sukulu zogonera komweko ndi maphunziro a ntchito zamanja, 20 peresenti ku ngongole ndi thandizo la magulu a amayi ndi achinyamata. Za zitukuko zinali pafupifupi K14.6 miliyoni. Tikagawira anthu 177,000, aliyense sakufika ngakhale K100 pachaka. Ndalama imeneyi ingamange zinthu zingapo zabwino, koma singakwaniritse mindandanda ya mawadi onse. Anthu akanauzidwa chiwerengero chimenechi pachiyambi pa msonkhano, pamodzi ndi mtengo wa mdadada umodzi wa makalasi kapena wa mita imodzi ya ngalande ya simenti, kukambirana kukanasintha. Mayi wa ku Malota akanayamba kufunsa ngati polisi yaing'ono ili yofunika kuposa ngalande yomwe imalowetsa madzi m'nyumba chaka chilichonse, ndipo mnzake akanamutsutsa, ndipo mtsutso umenewo ndiwo bajeti.

Theka lina la vuto ndi kusowa kwa yankho. Pempho likachoka ku zoni limadutsa ku WDC, ku komiti ya CDF, kwa akatswiri a khonsolo oona ngati ntchitoyo ingatheke, mpaka kwa ovomereza. Paliponse pamenepa likhoza kugwa pa zifukwa zomveka: malowo ali ndi mwini wake, mtengo waposa ndalama zomwe zilipo, unduna ulibe anamwino oti akagwire ntchito m'chipatala chopemphedwacho. Anthu a ku zoni akapanda kumva chifukwa, amadzipezera chawo, ndipo nthawi zambiri chimakhala chakuti wina wadya kapena wadi yathu inavotera kolakwika. Chaka chotsatira sabweranso kumsonkhano, ndipo akuluakulu amadandaula kuti anthu alibe chidwi. Kusabwerako kuli ndi nzeru yake. Wogulitsa tomato pamsika wa Maramba akatseka benchi yake kwa theka la tsiku amataya ndalama yeniyeni, ndipo sangaitaye kawiri pa msonkhano womwe sanaonepo zotsatira zake.

Koma CDF yakwera kwambiri. Kodi si umboni woti mphamvu zafika kwa anthu?

Ndi umboni woti ndalama zatsika, ndipo zimenezo siziyenera kupeputsidwa. M'dziko lonse muli makalasi, madesiki ndi nyumba zochirira amayi zomwe sizikanakhalapo pa K1.6 miliyoni, ndipo maphunziro aulere atayamba mu January 2022 makalasi anadzaza kotero kuti zomangazi zinafunika mwamsanga. Pali achinyamata omwe aphunzira zowotcherera, zamagetsi ndi zophika chifukwa cha fizi ya CDF, zomwe mumzinda wodalira alendo ngati Livingstone zimasanduka ntchito.

Komabe ndalama kutsika ndi mphamvu kutsika ndi zinthu ziwiri. Gawo lina la CDF limafika litagamulidwa kale ku Lusaka. Boma linalamula kuti madesiki agulidwe kuti pasakhale mwana wokhala pansi, ndipo linakonza zoti dera lililonse ligule ambulansi ndi galimoto ya apolisi pa ndalama zomwezi. Zinthuzi n'zabwino, koma sizinachokere ku zoni, ndipo chilichonse chogamulidwa kumwamba chimachepetsa chomwe chatsala kuti anthu asankhe. Komiti yosefa mapempho nayo ili ndi mbali yomwe inapendekera. Pansi pa lamulo la CDF la 2018, phungu ankakhala m'komitimo ndipo ankasankha anthu ena asanu: awiri oimira anthu a m'dera, khansala mmodzi, woimira mabungwe ndi woimira mipingo. Phungu wabwino akhoza kusankha anthu abwino, koma dongosolo lodalira ubwino wa munthu mmodzi ndi lofooka. A ku Malawi akuidziwa nkhaniyi, chifukwa mu May 2025 khoti la kumeneko linagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF kukutsutsana ndi malamulo aakulu a dzikolo, poti wopanga malamulo sangakhalenso wogwiritsa ntchito ndalama zomwe iye mwini ayenera kuzilondoloza.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi china. CDF yatenga maso a aliyense, moti anthu akamanena za kutenga mbali amangonena za mafomu a CDF. Koma CDF imamanga, siyendetsa. Mafuta a galimoto yotola zinyalala, malipiro a okumba ngalande mvula isanayambe, mababu olowa m'malo mwa akupsa, madzi ndi sopo m'chimbudzi cha pamsika, zonsezi zili mu bajeti ya khonsolo ya tsiku ndi tsiku, yomwe imakonzedwa m'miyezi yomaliza ya chaka, kuvomerezedwa ndi makhansala, kenako ndi nduna, n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January. Bajeti imeneyi ndi imene imagamula ngati ku komboni kukhala kwaukhondo, ndipo ndi imene anthu wamba saiona kawirikawiri. Mliri wa kolera womwe unayamba mu October 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, unachedwetsa kutsegulira sukulu mpaka February 2024, ndipo unasandutsa bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka kukhala chipatala. Kolera amabwera chifukwa cha zinthu zazing'ono zosakonzedwa mwezi ndi mwezi, zomwe palibe amene amadula riboni potsegulira. Chomangidwa chilichonse chatsopano chimawonjezeranso katundu pa bajeti yomweyo, chifukwa chidzafuna mlonda, magetsi ndi penti. Wadi yopempha shedi ya msika iyenera kufunsidwa tsiku lomwelo kuti ndani adzaisesa ndipo ndalama yake idzachokera kuti.

Madzi, magetsi ndi njovu nazo ndi za khonsolo?

Ayi, ndipo kusadziwa zimenezi kumawonongetsa misonkhano yambiri. Madzi a m'mipope ali m'manja mwa kampani ya SWASCO, yomwe eni ake ndi makhonsolo a chigawo cha Kum'mwera, ndipo woiyang'anira ndi bungwe la NWASCO lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 1997. Bungweli limamva maganizo a anthu mitengo ya madzi isanakwere. Magetsi ndi a ZESCO. Livingstone ili pafupi ndi malo opangira magetsi a pa mathithi, a mphamvu ya mamegawati 108, koma magetsiwo amalowa mu nthambo za dziko lonse, n'chifukwa chake chilala cha 2024 chitaphwetsa nyanja ya Kariba mzindawu unakhala mumdima ngati ina yonse. Misewu ikuluikulu ndi ya Road Development Agency. Njovu zomwe zimatuluka m'paki ya Mosi-oa-Tunya n'kulowa m'makomboni oyandikana nayo ndi nkhani ya nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Khansala akhoza kukankha maofesi amenewa, ndipo pa nkhani ya madzi khonsolo ili ndi mawu monga mmodzi wa eni kampani, koma bajeti yake singathetse mavutowa. Msonkhano wabwino umayamba ndi kulekanitsa zomwe zili m'manja mwa khonsolo ndi zomwe ingopereka uthenga.

Pali chitsanzo cha mumzinda momwemu choonetsa kuipa kosankhira anthu?

Chilipo, ndipo anthu a ku Livingstone sanachiiwale. Mu August 2013 mzindawu pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ya ku Zimbabwe unachereza msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona zokopa alendo. Pokonzekera, boma linathira ndalama m'misewu, magetsi a mumsewu ndi bwalo la ndege, ndipo zina mwa izo zikuthandiza mpaka lero. Linayambanso kumanga msika wamakono pakati pa tauni ndi malo aakulu okwerera mabasi a maulendo ataliatali. Msonkhano unabwera n'kupita zinthu ziwirizi zisanathe, ndipo zinakhala zili chiimire kwa zaka zambiri, amalonda omwe anasamutsidwa akudikira, mpaka bungwe la penshoni la NAPSA linaikapo ndalama zomalizira. Tsiku lomaliza ntchito linaikidwa potengera kubwera kwa alendo, ndipo kukula kwa nyumbazo kunatengera chithunzi chomwe dziko linkafuna kuonetsa. Amalonda akanafunsidwa ali ndi chiwerengero cha ndalama m'manja, n'kutheka kuti akanasankha chinthu chocheperapo chomwe chikanatha msanga. N'kuthekanso kuti akanasankha chomwecho. Koma akanakhala atafunsa funso lomwe mwini benchi aliyense amayamba nalo, lakuti ndigulitsira kuti pamene mukumanga, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji.

Bajeti ndi nkhani ya akatswiri. Munthu wamba angaimvetse?

Mbali ina ndi ya akatswiri ndithu. Kukula kwa paipi yodutsa pansi pa msewu kapena kuya kwa maziko sizovotera. Koma kusankha pakati pa ngalande ya ku Libuyu ndi phula la msewu wa ku Highlands si funso la injiniya. Ndi funso lakuti ndani adikire, ndipo pa funso limenelo digiri sipatsa munthu ufulu woposa wa mnzake. Mayi amene amayendetsa chilimba cha anthu makumi awiri, n'kumadziwa yemwe walipira, yemwe watsalira ndi yemwe alandire mwezi uno, akhoza kuwerenga tsamba limodzi loonetsa ndalama zolowa ndi zotuluka ngati lalembedwa kuti liwerengedwe. Bajeti zambiri zimavuta chifukwa zinalembedwera unduna.

Umboni wa kunja ukugwirizana ndi zimenezi, ngakhale uli ndi malire ake. Mzinda wa Porto Alegre ku Brazil unayamba mu 1989, pansi pa meya Olívio Dutra, kulola anthu a m'madera kusankha okha kagwiritsidwe ntchito ka gawo la ndalama za zomangamanga. Katswiri wa zachuma Sónia Gonçalves atayerekeza mizinda ya ku Brazil pakati pa 1990 ndi 2004, anapeza kuti yomwe inatsata njirayi inaika ndalama zambiri pa zaukhondo ndi zaumoyo, ndipo imfa za makanda zinatsika. Anthu osauka atapatsidwa mpata anasankha mipope ndi zimbudzi. Ku Uganda, kafukufuku wa Ritva Reinikka ndi Jakob Svensson anaonetsa kuti pakati pa 1991 ndi 1995 sukulu zinkalandira pafupifupi 13 peresenti yokha ya thandizo lomwe boma linkatumiza. Boma litayamba kusindikiza m'nyuzipepala ndalama zotumizidwa, pofika 2001 zofika pasukulu zinaposa 80 peresenti. Panali zosintha zinanso m'zaka zimenezo, koma kudziwa chiwerengero kunapatsa makolo ndi aphunzitsi poyambira kufunsa.

Malire ake ndi awa. Benjamin Olken anayesa njira ziwiri m'midzi yoposa 600 ya ku Indonesia yomwe inkamanga misewu. Kumene anthu anauzidwa kuti ofufuza mabuku a boma adzabwera ndithu, ndalama zosowa zinatsika. Kumene anangochulukitsa anthu pamisonkhano, kusintha kunali kochepa. Phunziro lake n'lakuti msonkhano sungagwire wakuba simenti, chifukwa munthu wamba sangadziwe matumba omwe alowa pansi pa msewu. Ntchito imeneyo ndi ya Auditor General, mkulu wofufuza mabuku a boma, yemwe malipoti ake okhudza CDF akhala akuonetsa ntchito zochedwa ndi ngongole zosabwezedwa m'makhonsolo osiyanasiyana. Anthu amachita bwino posankha chomwe chiyambe ndi poona ngati chamangidwacho chikugwira ntchito. Kulondoloza ndalama kumafuna ena. Amene amati kutenga mbali kwa anthu kudzathetsa katangale akulonjeza zomwe sizingatheke, ndipo Porto Alegre yomweyo inaimitsa misonkhano yake mu 2017 ndalama zitachepa ndipo ntchito zomwe anthu anasankha zitaunjikana osachitidwa.

Kodi misonkhanoyi sidzangolandidwa ndi a chipani ndi anthu olankhula kwambiri?

Ikhoza kulandidwa, ndipo ili ndi dandaulo lamphamvu kuposa onse. Misika ndi malo okwerera mabasi m'Zambia zinakhala nthawi yaitali zikutoleredwa ndalama ndi anyamata a zipani ngakhale lamulo la 2007 linazipereka kwa makhonsolo ndi mabodi ake. Mamembala a WDC salipidwa, choncho amene amapirira ndi omwe ali ndi nthawi, monga opuma pantchito ndi eni nyumba, kapena omwe akuyembekeza kupezapo kanthu, kaya kontrakiti kaya mpando pachisankho chikubwerachi. Wochita lendi amene amasamuka chaka ndi chaka, mtsikana wogwira ntchito m'loji mpaka usiku, mayi woolokera ku Victoria Falls kapena ku Kazungula kukachita malonda, onsewa sapezeka pamsonkhano wa Lachitatu m'mawa. Palinso nkhani ya chilankhulo. Ku Livingstone kumamveka Chitonga, Chilozi, Chinyanja ndi Chitoka-Leya, koma zikalata zimakhala m'Chingerezi, ndipo amene amachidziwa bwino ndiye amalamulira zokambirana.

Yankho la zimenezi si kusiya kufunsa anthu, chifukwa chipinda chotseka chimalandidwa mosavuta kuposa bwalo. Chofunika ndi kuchepetsa phindu la kulanda. Ngati ndalama za wadi iliyonse zalengezedwa pa Radio Mosi-o-Tunya ndi Zambezi FM m'zilankhulo za mumzinda, zamatidwa pamsika, pachipatala ndi patchalitchi, ndipo mndandanda womwe WDC yatumiza wamatidwa pomwepo, wosintha mndandanda m'njira amaonekera. Ngati kusankha komaliza pakati pa ntchito zitatu kapena zinayi zomwe akatswiri aziwerengera kale mtengo kukuchitika mwa kuponya pepala tsiku lonse Loweruka, m'malo mokweza manja pamaso pa wapampando, wamanyazi ndi wochedwa kuweruka amawerengedwa nawo. Ndipo mamembala a WDC ayenera kupatsidwa ndalama ya mayendedwe ndi ya foni yolembedwa poyera mu bajeti. Kuyembekeza munthu kuyendera zoni yonse pa ndalama zake ndi kusiya ntchitoyo kwa okhawo omwe ali ndi wowalipirira kumbali.

Anthu ambiri salipira misonkho ya khonsolo. Ali ndi ufulu wanji wofunsa?

Ufulu wa nzika sugulidwa ndi lisiti, komanso si zoona kuti osauka salipira. Wa pamsika amalipira tsiku ndi tsiku, ndipo wochita lendi amalipira msonkho wa nyumba kudzera mwa mwini nyumba. Komabe funsoli lili ndi choonadi chake. Khonsolo imati sitingatole zinyalala chifukwa simulipira, anthu amati sitingalipire chifukwa simutola, ndipo mbali iliyonse ikudikira inzake. Woyenera kuyamba ndi amene ali ndi mabuku. Khonsolo ikaonetsa ndalama zomwe msika wa Maramba kapena wa Dambwa wasonkhetsa pa miyezi itatu ndi zomwe zabwerera pamsika womwewo, wamalonda amakhala ndi chifukwa cholipirira ndiponso chokakamizira mnzake kulipira. Lamulo la misonkho ya nyumba la 2018 limapatsa kale eni nyumba mpata woona kaundula wa mitengo ya nyumba zawo ndi kudandaula. Mpata wofanana nawo uyenera kukhalapo pa mbali ya kagwiritsidwe ntchito.

Kutsegula mabuku kungathandizenso khonsolo pa mlandu wake ndi Lusaka. Ndalama zolowera ku mathithi zimatoleredwa ndi National Heritage Conservation Commission, za m'paki ndi nthambi ya nyama zakutchire, ndipo msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti, womwe unayamba mu 2017, umatoleredwa ndi Zambia Revenue Authority n'kupita ku thumba la dziko lonse. Mlendo amagwiritsa ntchito misewu, magetsi ndi ngalande za mzinda, koma zambiri zomwe amalipira zimadutsa pamwamba pa khonsolo. Pali mfundo yomveka yakuti gawo lina lizitsala. Phungu yemwe Livingstone inasankha mu 2021, Rodney Sikumba, anapatsidwa unduna womwewo wa zokopa alendo, kotero khutu loti limve linali pafupi. Koma khonsolo yopempha gawo lalikulu imamveka bwino ikakhala ndi anthu ake kumbuyo, ndipo anthu sangaime kumbuyo kwa mabuku omwe sanawaone.

Ndiye chisinthe n'chiyani, ndipo ayambe ndani?

Zinthu ziwiri, ndipo zonse khonsolo ikhoza kuzichita mwa chigamulo cha makhansala popanda kudikira Nyumba ya Malamulo. Choyamba, msonkhano uliwonse wa zoni uziyamba ndi chiwerengero: ndalama zomwe wadi ingayembekezere ku CDF, zomwe bajeti ya khonsolo yaika pa zinyalala, ngalande ndi magetsi a m'wadimo, ndi mitengo ya ntchito zomwe zimapemphedwa kawirikawiri. Chachiwiri, pempho lililonse lomwe WDC yatumiza lizilandira yankho lolembedwa bajeti ikangovomerezedwa, lonena kuti lalowa, lakanidwa kapena ladikira, ndi chifukwa chake m'mizere iwiri, ndipo yankholo liziwerengedwa pamsonkhano wotsatira anthu asanafunsidwenso china chatsopano. Ntchito ya makhonsolo ikukula, poti kuyambira 2024 boma layamba kupititsako ndalama za ntchito zina monga zipatala zazing'ono ndi za ziweto, ndipo chilala cha chaka chomwecho chinawasenzetsa pulogalamu yolipira anthu pogwira ntchito za m'dera. Ndalama zikamachuluka chonchi, mtengo wa kusayankha nawo umakwera.

Ngati makhansala sayamba, anthu ali ndi pogwira. Gulu la amalonda, mpingo kapena bungwe la eni nyumba likhoza kulemba kalata kwa Town Clerk, mkulu wa ogwira ntchito ku khonsolo, kupempha bajeti yovomerezedwa ndi lipoti la ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito, potchula lamulo la 2023 lija. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pakati pa chaka, bajeti ya chaka chotsatira isanalembedwe, chifukwa msonkhano wa mu November umapeza manambala atauma kale. Makhoti a m'maiko ena a mu Africa ayambanso kuona kufunsa kwachiphamaso ngati kuphwanya lamulo. Mu 2014 khoti lalikulu la ku Kenya linathetsa lamulo la misonkho la dera la Kiambu la 2013, woweruza George Odunga atapeza kuti kulengeza kamodzi m'nyuzipepala ndi kukumana ndi anthu ochepa mu hotela sikunali kufunsa anthu monga malamulo aakulu a dzikolo amafunira.